Wopenta Njira ya ku Vranec

Lumír Havelka anayendetsa basi ya m'midzi kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Atapuma pantchito anatsala ndi mawondo olira ngati chitseko chosathiridwa mafuta, njinga yakale yakuda, ndi kanjira ka m'nkhalango ka makilomita asanu. Kanjirako sikanali kake papepala ayi, koma wofuna kumuuza zimenezo ankayamba waima patali.

Tonse kuno tinakula tikuona timizere topentedwa pamitengo ndi pamiyala, woyera pamwamba, woyera pansi, pakati wofiira kapena wabuluu kapena wobiriwira. Timangotitsata ngati nkhosa mpaka kukafika kumene tikupita, osadzifunsa kuti wapenta ndani. Amapenta ndi anthu ngati Lumír, a m'bungwe la okonda maulendo, osalandira kanthu, ambiri a iwo okalamba, ndipo pafupifupi onse ndi ovuta kukhala nawo patebulo limodzi. Pakatha zaka zitatu penti amafwifwa, iwo n'kunyamulanso zitini.

Njira ya Lumír inali yobiriwira. Inkayambira pa kasiteshoni komwe sitima imaima pokhapokha wina akabaya batani, n'kukwera phiri mpaka ku bwinja la linga la Vranec. Kunena zoona, ku Vranec kulibe choti munthu n'kukwerera sitima. Kuli khoma limodzi lolekeza m'khosi, theka la nsanja lomwe linamera mtengo pakati, ndi dzenje lomwe ena amati chinali chitsime, ena amati munali mosungira mowa. Malinga ena a m'dziko muno ali ndi wogulitsa matikiti pachipata, malupanga opachikidwa pakhoma, ena mpaka mzukwa wawo woyenda usiku. Vranec ngakhale mzukwa unalikana.

Analipeza mwangozi iye ndi mkazi wake Blažena, m'chaka cha 1983. Masiku amenewo malire anali otseka, ndiye anthu osatha kukhala pansi ankangozungulira dziko lomweli. Loweruka lililonse awiriwo ankamangirira buledi ndi soseji kumbuyo kwa njinga n'kumasaka mabwinja omwe mabuku a alendo anawaiwala. Ana sanakhale nawo, ndipo nkhaniyo sankaikamba. Tsiku limenelo anasochera mvula ikuwakhuthukira. Blažena anathawira kuseri kwa chomwe ankayesa thanthwe, n'kudzaona kuti thanthwelo lili ndi zenera.

Analemba makalata kwa zaka zisanu ndi zitatu kupempha kuti ku Vranec kupite njira. Akuluakulu a bungwe atatopa nawo, anawapatsa zitini.

Lamulo la opentawa n'lakuti aziyenda awiriawiri. Lumír ankatsogola, akukankha njinga yodzaza katundu. Ankapala khungwa, kuika kakatoni koyezera, kupenta, n'kupitirira. Blažena ankabwera m'mbuyo ndi zitini zake, pang'onopang'ono, akulankhula ndi mitengo. Lumír, munthu amene moyo wake wonse anayendera wotchi ya basi, zimenezi zinkamupsetsa mtima. "Ukuchedwa!" ankakuwa, osacheuka. Kuchokera kumunsi kunkamveka mawu akuti, "Ndikubwera," koma munthuyo osabwera. Akafika pamwamba ankadya, kenako n'kutsikira mbali ina ya phiri, pamsewu wa mathirakitala, njinga zikudzithamangira zokha mpaka pakhomo pa bala ya m'mudzi. Anachita zimenezi kwa zaka makumi atatu, ndipo njira yomwe akwerera sanabwererepo.

Blažena anamwalira zaka zinayi zapitazo, m'nyengo yozizira, atangodwala masabata asanu ndi awiri. Ngati kuti zimenezo sizinakwane, zaka zomwezo ndi zomwe tizilombo tofukula makungwa tinalowa m'nkhalango zathu za paini. Mapiri athunthu anafiira n'kuuma. Kunabwera makina ocheka, ndipo malole anatsika ndi zipika usana wonse kwa zilimwe ziwiri. Lumír anaima m'mbali mwa msewu tsiku lina n'kuona chizindikiro chobiriwira chikudutsa pa lole, chili pachipika, chikupita ku makina a matabwa. Anavula chipewa osadziwa chifukwa chake.

Chaka chatha nthawi yopentanso itakwana, anauza a bungwe kuti apita ndi mnzake woyandikana naye nyumba. Mnzakeyo msana unamugwira, ndipo Lumír sanasake wina. Anapita yekha. Poti mitengo kunalibe, anakumba maenje n'kuzika mizati, anagubuduza miyala, anapenta pazitsa zazitali. Ntchito ya tsiku limodzi inamutengera masiku asanu ndi anayi. Atamaliza anagona masiku awiri, koma mumtima ankadziuza kuti Blažena akanaona, akanavomereza.

Ndiye mungamvetse mmene anamvera mwezi wa Meyi chaka chino, pamene foni inalira ali pakati pa kusenda mbatata. Anali Zdenka, mng'ono wake wa Blažena, mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito, yemwe tsopano ndiye amayang'anira openta njira onse a m'boma lathu. Ana omwe anawaphunzitsa ali ndi imvi lero, koma akamuona mumsewu amawongolabe msana.

"Alamu, makalata afika atatu tsopano," anatero Zdenka.

"Makalata a chiyani? Ondifunsira?"

"Akufunsireni ndani pamsinkhu umenewo? Odandaula. Anthu akusochera panjira yanu."

"Anthu a m'tauni amasochera ndi m'khitchini mwawo momwe."

"Banja lina la mumzinda wa Brno linazungulira maola anayi, njinga zili m'manja, mayiyo mpaka kulira. Komiti ikumana pa 10 Juni. Akuti njira yopanda mitengo, yopita kopanda kanthu, n'kumasocheretsanso anthu, ndi bwino ichoke pamapu. Ine ndapempha kuti ndikaione kaye ndi maso anga. Ndikasaina, ikhala. Ndikapanda kusaina, mukudziwa nokha."

"Bwerani mudzaone. Mutenge ndi rula yanu ija munkamenyera ana a eni."

"Sindinamenyepo mwana. Akulu osamva ndiye sindikulonjeza."

Loweruka lotsatira Lumír anafika pa kasiteshoni patatsala theka la ola kuti sitima ifike. Anali atatenga zitini zake, ya penti woyera ndi ya wobiriwira, kuti mwina papezeka pofunika kukonza, ngakhale ankadziwa kuti sipapezeka. Zdenka anatsika akukoka njinga ya batire, yonyezimira, yolemera ngati mwana wa ng'ombe.

"Imeneyo ndi njinga kapena firiji?" anafunsa Lumír.

"Firijiyi ikafika pamwamba inu mukupemphererabe mawondo."

Lumír anaseka, koma kusekako kunathera panjira. Chikwama cha kumbuyo kwa njingayo chinali chosatseka bwino, ndipo munkaoneka chivindikiro cha chitini. Penti wake anali wotuwa. Wopenta njira aliyense amamudziwa penti ameneyu. Njira ikathetsedwa, zizindikiro sizisiyidwa kuti zifwifwe zokha, poopa kuti wina angazitsate. Amazimata chimodzichimodzi ndi penti wofanana ndi khungwa, mpaka njirayo ikhale ngati sinakhaleko.

"Mwabwera ndi bokosi la maliro wodwala akadapuma," anatero Lumír.

"Ndabwera ndi zomwe lamulo limati ndibwere nazo. Sindingakwere phiri limeneli kawiri. Tiyeni."

Kilomita yoyamba anapalasa, m'mbali mwa minda ya tirigu. Kenako njira inayamba kukwera ndipo anatsika n'kumakankha. Kale pamenepa munthu ankalowa mumthunzi wozizira wonunkhira utomoni. Tsopano panali zitsa zokhazokha, minga, ndi dzuwa lowotcha pankhongo. Lumír ankayenda masitepe makumi awiri n'kuima ngati akuyang'ana tayala. Zdenka ankaona n'kumaima naye, ndipo zimenezo zinamuwawa Lumír kuposa chipongwe.

Koma zizindikirozo, abale, zinali zokongola. Munthu akaima pa chimodzi, chinzake chinkaoneka kutsogolo, chowala, chowongoka, pamsinkhu wa maso. Pamphambano panali muvi. Zdenka anatulutsadi rula, n'kuyeza chachitatu, chachisanu ndi chiwiri, chakhumi ndi chisanu. Zonse zinali masentimita khumi uku, khumi uku.

"Nanga?" anafunsa Lumír, akupukuta thukuta ndi chipewa.

"Zowongoka."

"Zowongoka basi? Mzati uwu ndinaunyamula paphewa kuchokera kumtsinje uko. Zilipo makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu. Wosochera apa ndiye kuti anabwera atasochera kale kwawo."

"Tifike kaye pamwamba, alamu."

Pafupi ndi pamwamba, pomwe njira imakhota pambali pa thanthwe, panatsala mtengo umodzi wokha wakale, waukulu, wa khungwa losalala lotuwa. Tizilombo tija sitidya mtundu umenewu, ndipo ocheka anausiya kuti uzigwetsa mbewu. Lumír anaumenya ndi chikhatho podutsa, monga ankachitira nthawi zonse, n'kupitirira.

Anafika pabwinja cha m'ma 12 koloko. Anatsamiritsa njinga pakhoma n'kukhala pamiyala ya m'munsi mwa nsanja. Lumír anadula buledi ndi soseji ndi mpeni wake wopinda, Zdenka anatulutsa tiyi ndi nkhaka za m'botolo. Mphepo inkalowera pazenera lija lomwe Blažena analipeza. Pazenerapo panali kabokosi kachitsulo, ndipo m'kabokosimo munali kope ndi pensulo, kuti wofika azilembamo. Makope asanu odzaza anali kunyumba kwa Lumír, mukabati ya mbale zabwino.

"Mverani nokha zomwe anthu akunena," anatero, akuvala magalasi. "Uyu akuti, 'Malo abata, zikomo amene mukuwasamalira.' Uyu akuti, 'Kukwera kwabwino, kutsika tikaonera komweko.' Anthabwala amenewa. Uyu ndiye wanditsirizira: 'Amene anapenta njirayi akufuna tikhale kuno mpaka kalekale.' Mwamva? Anthu akafika kuno safuna kuchoka."

Zdenka sanaseke. Anatsekera botolo la tiyi, n'kumuyang'ana mlamu wake ndi maso omwe ankayang'anira mwana amene walakwitsa samu yonse chifukwa cha mzere woyamba.

Atatha kudya Lumír analozetsa njinga yake ku msewu wa mathirakitala. "Mowa woyamba ndigula ine, poti mwaluza."

"Kumeneko ayi. Titsikira momwe tabwerera."

"Chifukwa chiyani? Uku ndi mphindi khumi zokha, osapalasa."

"Alendo amabwera pa sitima, alamu. Msewu wanuwo saudziwa, ndipo supita kusiteshoni. Amabwerera momwe adzera. Tsogolani. Koma musatsate zomwe zili m'mutu mwanu, tsatani penti. Yerekezani kuti ndinu wa ku Brno."

Lumír anang'ung'udza, n'kutembenuza njinga. Anaima pachipata chogumuka cha linga n'kuyang'ana kumunsi, kufuna chizindikiro choyamba.

Panalibe.

Mzati unalipo, womwe uja anauzika yekha, koma unamulozetsa msana wopanda kanthu. Anayenda mpaka pamzatipo n'kuyang'ana kutsogolo. Mwala womwe anaugubuduza unali apo, wotuwa ngati miyala ina yonse. Kupitirira pamenepo phiri lonse linali zitsa, ndipo pakati pa zitsazo panadutsa tinjira tisanu tosiyidwa ndi makina ocheka, tofanana ngati ana amapasa, kalikonse kolowera kwake. Anasiya njinga pansi n'kutsika msangamsanga, mawondo akulira, mpaka pa mzati wachiwiri, wachitatu. Akauzungulira n'kuyang'ana kumtunda, chizindikiro chinali pompo, chowala, chowongoka. Akayang'ana kumunsi, phiri linali lopanda mawu.

Lamulo limeneli Lumír ankalidziwa. Chizindikiro chizioneka kwa wopita ndi kwa wobwerera. Analiphunzitsapo ngakhale kwa ena pamisonkhano ya bungwe, ataimirira kutsogolo ndi ndodo. Koma ankalidziwa ndi mutu wokha, manja ake sankalidziwa. Kwa zaka makumi atatu manja ake anapenta mbali imodzi ya mtengo, yomwe inkamuyang'ana iye pokwera. Mbali inayo inali ya Blažena. Ndicho chimene ankatsalira m'mbuyo. Pamtengo uliwonse ankaupitirira, n'kutembenuka, n'kupenta cha wobwerera. Mitengoyo itapita pa malole, ntchito yake inapita nayo, ndipo mwamuna wake anakhala masiku asanu ndi anayi paphiri osaona kuti pakusowa kanthu.

Anakhala pachitsa. Manyazi anamugwira, koma pansi pa manyaziwo panali chinthu china cholemera kwambiri. Anali atamulira mkazi wake patebulo, pabedi, ngakhale pa mpando wa kudimba. Sanadziwe kuti panali malo enanso pomwe mkaziyo anasiya mpata, ndipo kuti mpatawo unaonedwa ndi alendo a ku Brno iye asanauone.

Zdenka anafika akukankha njinga yake n'kuima pambali.

"Munadziwa," anatero Lumír.

"Ndinaganizira. Makalata onse atatu akuti anasochera pobwerera. Ndikanakuuzani pafoni mukanandiyankha za khitchini." Anatsamiritsa njinga pachitsa. "Zaka zonse zija mukuyendetsa basi, pagalasi loonera kumbuyo simunkayang'ana?"

"Pagalasi ndinkayang'ana."

"Nanga bwanji simunandiitane chaka chatha? Lamulo likuti awiri. Ine ndili ndi miyendo, burashi ndimaidziwa. Munakanamiza bungwe za mnzanu wa msana uja m'malo mongoimba foni."

Lumír anayang'ana nsapato zake. "Mumayenda ngati Blažena," anatero. "Mumakoka phazi lamanzere. Lero lonse ndakhala ndikukumvani m'mbuyo mwangamu. Chaka chatha sindikanapirira."

Zdenka anatembenukira kumbali n'kuyamba kukonza lamba wa chikwama yemwe sanali womasuka.

Kutopa komwe Lumír anakhala akukukankhira kutsogolo kwa zaka zinayi kunamupeza pachitsa pomwepo. Anaganiza za zizindikiro makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, za minga yomwe idzameranso, za zaka zitatu zikubwerazi pomwe adzakhala ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, ngati adzakhalepo. Anaganiza za mayi uja wa ku Brno wolira paphiri chifukwa cha iye. Komiti inkanena zoona. Kunalibe mitengo, kunalibe linga loti n'kulitcha linga, ndipo wopenta anatsala theka.

"Ndipatseni chitinicho," anatero.

"Alamu."

"Ndipatseni. Njira iyi sangaikwirire munthu wina. Ndinaiyamba ndine."

Zdenka anatulutsa chitini cha penti wotuwa n'kumupatsa. Lumír anachitsegula ndi mpeni uja anadulira soseji. Anabwerera kumtunda n'kuyambira pa mzati woyamba. Burashi inadutsa katatu, chizindikiro n'kuzimirira. Zinali zosavuta mochititsa mantha. Chachiwiri, chachitatu, chachinayi. Ntchito yomwe inamuthyola msana inkatha mofulumira kuposa kupukuta tebulo.

Chachisanu chinali pamtengo waukulu uja wa pambali pa thanthwe. Pochokera kumtunda, Lumír anafuna kutsamiritsa njinga pathunthu lake kuti azungulire kutsogolo. Ndipo apo, pamsinkhu wotsikirapo pang'ono kuposa pomwe iye amapenta, panali timizere titatu. Tinali tofwifwa, woyera atasanduka ngati phulusa, wobiriwira atang'ambika pomwe khungwa linakula. Tinali topendekeka, tokwera cha kumanja.

Blažena anali wamanzere, ndipo kakatoni koyezera ankakasiya dala kunyumba.

"Ngakhale kusukulu ankalemba chonchi," anatero Zdenka chapansipansi, ali kumbuyo kwake. "Amayi ankachita kumupendeketsera kope kuti mizere iwongoke. Sizinathandize."

Paphiri lonse chinatsala chimenechi chokha. Lumír anaimirira pomwe mkazi wake ankaimirira, chitini chotuwa chili kudzanja, burashi ikudontha pansapato. Lamulo silisankha. Njira ikathetsedwa, zizindikiro zonse zimatidwe, zatsopano ndi zakale zomwe.

Atakweza maso kupitirira thunthulo, anaona chinthu chomwe sanachionepo. Chifukwa cha thanthwe lija, pamalo amenewa pankakhala potseguka ngakhale nkhalango ilipo. Kumunsi kunkaoneka chigwa chonse, msewu womwe anayendetsamo basi moyo wake wonse ukukhotakhota pakati pa minda, tchalitchi, ndi kumapeto kwa mudzi denga lofiira lokhala ndi mtengo wa mapeyala pambali. Inali nyumba yawo. Apa ndi pomwe Blažena ankachedwa kwambiri, ndipo apa ndi pomwe Lumír ankakuwa kwambiri, ali kale pamwamba, njala ikumupweteka. Mkaziyo sanamuuzepo chomwe ankayang'ana. Kapena anamuuza, iye n'kuyankha za nthawi.

Anaika chitini chotuwa pansi n'kuchitseka, kumenya chivindikiro ndi chidendene. Kenako anapita panjinga yake n'kutenga zitini zake ziwiri.

"Mukudziwa kuti mukapentapo, penti wake simudzamuonanso," anatero Zdenka.

"Ndikudziwa. Ndikachisiya, pofika chaka chamawa mvula ikhala itamaliza."

Anapukuta khungwa ndi nsalu, osapala. Kakatoni koyezera kanali m'thumba la shati, koma sanakatulutse. Anaviika burashi mu penti woyera n'kuitsatiza pamzere wa Blažena, pang'onopang'ono, kuyambira kumanzere kukwera cha kumanja. Dzanja lake, lozolowera kuwongola, linkakana, ndipo ankachita kulikakamiza. Pomwe ankafika pa wobiriwira maso anali atadzaza, moti ankaona mizere isanu ndi umodzi. Anapukuta ndi mkono n'kumaliza.

Zdenka anali atatulutsa rula, mwachizolowezi chabe. Anaiyang'ana, anayang'ana chizindikiro chopendekekacho, n'kuibweza m'thumba.

"Sindisaina lero," anatero. "Musaganize kuti misozi ndi siginecha. Zatsala makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri za pobwerera, komanso zinayi zija mwamata ndi mkwiyo. Ndisaina ndikadzatsika phiri lino ndikutsata penti yekha mpaka pasiteshoni."

"Mawondo angawa..."

"Mawondo anu komiti siwadziwa. Lero tichita zomwe tingathe, sitima ya 6 koloko ndikwera. Mawa ndibweranso, ndi Loweruka linalo ngati n'kofunika. Ndipo zaka zitatu zikubwerazi mukadzapitanso nokha, ndidzakumatani inuyo ndi penti wotuwayu."

Anatola chitinicho n'kuchibweza m'chikwama. Lumír anafuna kunena kuti achisiye konkuno, achiponye m'dzenje la mowa lija, koma anadziwa kuti tsiku lina chidzafunikabe, iye ndi Zdenka atapita. Silinali tsiku limenelo, ndipo zinamukwanira.

"Ndipatseni woyerayo, ndikayambe pa mwala uwo," anatero Zdenka. "Inu muzibwera ndi wobiriwira."

Anatsika, akukoka phazi lamanzere pakati pa zitsa. Lumír anatsala pamtengopo. Anadziuza kuti akudikira penti agwire, kuti angayenderere. Mphepo inali itachepa. Kutali kumunsi basi ya masana inatuluka kuseri kwa tchalitchi, yaing'ono ngati bokosi la machesi, n'kuima pa siteji ya pafupi ndi nyumba yawo. Palibe amene anatsika, ndipo inanyamukanso.

"Alamu!" anakuwa Zdenka kuchokera kumunsi, osacheuka. "Mukuchedwa!"

"Ndikubwera," anatero Lumír, ndipo anaimabe pomwepo.